Khola Lofiira la Chinkhwe cha Bambo

Panali munthu wina wowotcherera zitsulo, waluso m'manja koma wouma makutu. Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wake weniweni.

Bambo okalamba a mmisiriyu anali ndi chinkhwe chimene anakhala nacho zaka makumi awiri ndi zitatu. Chimwalirireni akazi awo, wocheza naye m'nyumba anali mbalame yomweyo. Ankagawana nayo zipatso, kukangana nayo, ngakhale katsokomoledwe kanali kamodzi.

Tsiku lina bambowo anapita ku opaleshoni ya maso, ndipo anayenera kukhala mwezi wathunthu kwa mwana wawo wamkazi pafupi ndi chipatala. Chinkhwe anachisiya kwa mmisiri uja.

"Mwana wanga, zinthu ziwiri zokha," anatero bambowo. "Usachichotse m'khola lakeli. Ndipo chizikhala pabalaza pamene pali anthu, chikasungulumwa chimadwala."

"Aa bambo, mbalame yokha ingandivute ine?"

Galimoto yonyamula bambowo isanakhote n'komwe, mmisiri anayamba kuliyang'ana cham'mbali khola lija. Linali lakale, chitseko chopindika. "Makasitomala akaona chimenechi m'nyumba mwanga adzati chiyani? Ine wopanga mageti a mabwana?"

Anatola waya wotsala pa ntchito ya mpanda, uja wonyezimira wosachita dzimbiri, n'kuwotcherera khola lalikulu lamaluwamaluwa. Kenako analipaka penti yofiira ya mageti imene inatsalira m'chitini kalekale. Itauma, anasamutsiramo chinkhwe chija. Kukongola kwake, eee, anthu odutsa ankasuzumira pazenera.

Patapita masiku atatu, mkazi wake anati, "Bambo a ana, mukuona zimene chikuchita? Tsiku lonse chikungokukuta waya. Taonani mlomo wonse wafiira ndi penti."

"Mayi, za zitsulo mundisiyire ine. Geti langa linaphapo ndani?"

Sabata yachiwiri chinkhwe chinasiya kulankhula. Chinayamba kudzizula nthenga chokha ndi mlomo, mpaka pachifuwa panatsala khungu lokhalokha ngati nkhuku yososola. Nthenga mbwee pabalaza ponse.

"Tiyeni nacho kwa dokotala wa ziweto," mkazi anachonderera. "Kapena tiwaimbire bambo."

"Tiwadetse nkhawa ali ndi mabandeji kumaso? Chikungosintha nthenga ichi."

Ndiye kunabwera kasitomala wina wofuna mafelemu a mazenera. Atachiona anapukusa mutu ngati katswiri. "Utitiri uwo, bwana. Ine mbalame ndimazidziwa. Chipopereni mankhwala a mphemvu, muchitsekere mumdima masiku awiri, nthenga zimera zokha."

Abale inu! Munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe anamumvera, mkazi wake yemwe wakhala naye zaka khumi ndi zisanu ayi. Anachipopera, n'kukachitsekera m'kachipinda kosungira zitsulo.

Kutacha mkazi analephera kupirira, anatsegula chitseko. Anakuwa mpaka aneba kuthamanga. Chinkhwe chinali pansi pa khola, chasanza, miyendo ikungonjenjemera. Apa m'pamene mmisiri anakumbukira kuti kuli dokotala.

Dokotala anachijambula m'mimba, n'kuwaonetsa chithunzi chodzaza timadontho toyera. "Iti mukutionati ndi tizidutswa ta waya ndi penti. Penti yakale ngati iyi imakhala ndi mtovu, ndipo zokutira za waya ameneyu ndi poizoni kwa mbalame. Khola limeneli anapanga ndani?"

"Ndine, adokotala."

"Nanga fungo la mankhwala a mphemvuli?"

Chinkhwe chinafera patebulo pomwepo.

Mwina mukuti apa anawaimbira bambo ake. Ayi ndithu. Anachikulunga m'nyuzipepala, n'kuchiponya mu bini ya zinyalala. Mawa lake anakagula chinkhwe china chofanana maonekedwe, n'kuchiika m'khola lakale lija.

"Maso sanapole, sazindikira," anatero.

"Ine musandiikemo," anayankha mkazi wake.

Mwezi utatha, bambo anabwera ndi mwana wawo wamkazi, atavala magalasi akuda. Sanakhale n'komwe pansi. Chikwama chili m'manja, analunjika pakhola akuimba mluzu. Zii. Anaitana kachiwiri. Zii. Ndiye analowetsa chala kuti mbalame ikwerepo monga mwa masiku onse.

Inawaluma mpaka magazi chuchuchu.

Bambowo sanakuwe. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, madokotala agwira maso okha, makutu ndi mutu sanandikhudze. Ichi si changa. Changa chili kuti?"

Mmisiri anagwada, n'kuulula zonse: khola, penti, mankhwala. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ikutsikira pansi pa magalasi.

"Chabwino," anatero. "Kufa, chilichonse chimafa. Amayi ako ndinawaika ndi manja angawa, ichi sichingandikanike. Ndionetse pamene unachikwirira, ndikatsanzike."

Mmisiri anangozyolika.

"Ndati ndionetse."

Mkazi wake ndiye anayankha akulira. "Bambo, galimoto ya zinyalala inadutsa kale."

Ine nditamva pamenepa ndinagwira pakamwa. Akuti mkuluyo sanakalipe, sanatukwane. Anangogwira dzanja la mwana wawo wamkazi n'kunena kuti, "Tiye, undibweze kwanu." Madzi amene anawapatsa sanamwe. Tsopano chatha chaka, mmisiri akaimba foni imangolira osayankhidwa.

Phunziro: Chinkhwe chimakukuta chilichonse, choncho khola la penti ya mageti kapena waya wa mpanda ndi manda ake. Chikayamba kudzizula nthenga, dziwani kuti chikudwala kapena chasungulumwa, thamangani nacho kwa dokotala wa ziweto, osati kwa katswiri wa m'njira. Ndipo mukalakwa pa chinthu chimene mnzanu anakusungitsani, nenani zoona tsiku lomwelo, bodza limapweteka kuposa imfayo. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense woweta mbalame isanawonongeke ina.