Ndowe Zipse Kaye

Panali munthu wina, kalipentala, amene anzake ankamutchula kuti Ndikudziwa, chifukwa ukangoyamba kumuuza kanthu ankakudula pakamwa ndi mawu omwewo. Anakhoma mabokosi a matabwa kuseri kwa nyumba, n'kudzazamo dothi, n'kufesamo karoti.

Mlamu wake ankasamalira mahatchi. Tsiku lina anamubweretsera ndowe zodzaza wilibala, zikutuluka nthunzi.

"Alamu, izi n'zaziwisi," anatero. "Muziunjike pakona, muzizitembenuza, zipse kaye kwa miyezi ingapo. Zikada bii, fungo litatha, ndiye muthire."

"Ndikudziwa, alamu."

Mlamu asanafike n'kumsewu komwe, mkulu uja anali atamwaza kale ndowe zonse m'mabokosi, karoti ali pafupi kukhwima.

"Bambo a mwana, si anati zipse kaye?" anafunsa mkazi wake.

"Zipsera momwemo. Dothi silisankha."

Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kokonda kuzula karoti, kupukuta padiresi n'kuyamba kutafuna. Pasanathe sabata anayamba kutsegula m'mimba, kenako kunabwera magazi. Maso analowa m'kati. Bambo ake anamunyamula n'kuthamangira kuchipatala, utuchi uli mbuu m'mutu.

Namwino atamuika mwanayo diripi anafunsa, "Wadya chiyani chosaphika?"

Koyamba m'moyo wake, kalipentala anati, "Sindikudziwa."

"Auzeni zomwe munathira pakaroti," anatero mkazi wake, osamuyang'ana n'komwe.

Anaulula zonse. Namwino anapukusa mutu. "Ndowe zaziwisi zimakhala ndi tizilombo, bambo. Mwachita bwino kufulumira naye."

Mantha amene anamugwira munthu uja sasimbika. Anakhala pabenchi manja ali m'mutu. Masiku anapita, mpaka m'mawa wina mwana anadzuka, n'kumukoka malaya.

"Adadi, ndikufuna karoti."

Kalipentala anaseka misozi ikutsika, mtima n'kukhala pansi. Atafika kunyumba anazula karoti yense n'kutaya, anakokolola ndowe zija n'kuziunjika pakona. Kenako anapita kwa mlamu wake, n'kukhala pansi.

"Alamu, mundiuzenso zija. Pang'onopang'ono."

Phunziro: Ndowe za mahatchi ndi manyowa abwino, koma ziwolerane kaye musanathire pa masamba, makamaka odya osaphika, ndipo muzitsuka zokolola zanu. Osadikira kumva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, ngakhale uja amati akudziwa kale.