Tambala wa pansi pa laimu

"Nanga pansi pa ichi ndilembepo chiyani, bambo?" anafunsa Roza, atagwira chithunzi cha khoma loyera mbee.

Bambo akewo, a Zakeyu, ankasaka ntchito. Bungwe lina ku Dzaleka linkafuna munthu wolemba zikwangwani, ndipo linati ofuna ntchitoyo abweretse zithunzi za luso lawo, chilichonse ndi mawu ochifotokoza. A Zakeyu anakalambira pojambula tambala wa chipani pamakoma a magolosale a pa Madisi, tambala woti ukamuona unkayesa alira pompo. Koma chipanicho chitagwa pachisankho, eni magolosale anamufufutitsa paliponse. Wa kamera amene Roza anamutuma kukajambula tambalayo anabwerako ndi zithunzi za makoma okhaokha.

"Lemba kuti pansi pa laimuyo pali tambala wakuda, wa nthenga zonyezimira."

"Akakhulupirira bwanji, bambo? Sakuoneka ndi pang'ono pomwe."

A Zakeyu anachiyandikitsa kumaso chithunzicho, kusakasaka mwina kamlomo kapena kachala. Kenako anausa moyo.

"Basi, lemba kuti wopaka laimuyo ndine ndemwe. Ndi ine amene anandiitana kudzafufuta. Taona mmene ndinapakira bwino, mwanawe. Sipanatsale ngakhale nthenga imodzi."