Mlendo wa ku Vidiyo ya pa Kachulu

Rabia ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa vidiyo ya a Wilisoni pa Kachulu, ndipo mafilimu onse ankawaonera pampata wa bango. Ambiri anali a anthu ozembetsa mankhwala ozunguza bongo ndi apolisi owasaka. Chizungu sankachimva, koma mathero ankawadziwa: wodzipereka amamangidwa, wothawa amaomberedwa.

Masana a tsikulo maso ake sanali pa filimu. Anali pa bambo wina amene anakhala pabenchi yakumbuyo, mlendo yemwe anayamba kuoneka sabata yomweyo. Ankavala malaya oyera opisira ndi nsapato zopolisha, padooko pomwe aliyense amaponda matope. Mfuti zikamalira mufilimu iye sankatekeseka, ankangoyang'ana nkhope za olowa ndi otuluka. Ngakhale anyamata a chipani ofunsa makadi ankamulambalala. Masiku amenewo munthu wotere sunkamufunsa dzina. Pa Kachulu ponse ankangonong'onezana kuti ndi wa boma.

Rabia ankadziwa amene akusakidwa. Mwamuna wake Issa anali ndi bwato, ndipo chiyambire dzinja ankanyamula madengu a matemba a eni ake, omwe sankalola kuti mkazi wake awakhudze. Zovala zake zinkanunkha chamba, chonsecho munthuyo ngakhale fodya wamba sankasuta. Analeka nthabwala, analekanso kupita kumzikiti ndi anzake. Kenako m'mawa wina anapalasa kulowera ku chilumba cha Chisi.

"Wina akandifunsa, simukudziwa komwe ndili," anatero ponyamuka. "Kaya akhale ndani, amake Fatuma."

Filimu ili mkati, mlendo uja anatuluka n'kudzaima pabeseni la zitumbuwa.

"Ndinu akazi a Che Issa, eti?"

"Ndine, bwana."

"Musaope, mayi. Nkhani ya katundu uja yafika patali. Kukubwera ena kudzawafuna, ndipo amenewo sakambirana. Ndi bwino ndiyambe kuwapeza ine."

Ankalankhula mofatsa ngati munthu wa chifundo. M'chisakasa cha vidiyomo mfuti zinalira, oonera n'kuwomba m'manja; wozembetsa wina anali atagwa chafufumimba ali pa liwiro. Rabia anaganiza za ndende. Kundende munthu umakamuona, umamupititsira sopo ndi chiponde, tsiku lina amatuluka. Anaganizanso za Fatuma, mwana wawo, amene anali atangoyamba kumene kuyenda.

"Mukawapeza simukawamenya?"

"Tikangocheza basi."

"Ali ku Chisi, kwa achimwene anga Che Rajabu, kuseri kwa phiri komwe amayanika nsomba. Mukawauze kuti ndakulozerani ndine, asathawe."

Bamboyo anathokoza mwaulemu, n'kutsikira kudooko komwe anachita hayala boti la injini. Amuna ena awiri, omwe Rabia anali asanawaonepo, anakwera naye limodzi.

Rabia anatsala ndi manyazi osakanikirana ndi mpumulo. Mwamuna wake anali atamupereka, inde, koma anamupereka wamoyo. Ankadziwa kuti Issa adzamukwiyira, mwina mpaka banja kutha, koma wokwiya amakhala akupuma. Anavundikira beseni ndi nsalu. Wogula wina anafunsa mtengo, iye osamumva.

Dzuwa litapendeka, galimoto ya polisi inafika ndi fumbi n'kuima pafupi ndi vidiyoyo. A Wilisoni anazimitsa jenereta, oonera n'kumabalalika mmodzimmodzi. Munatsika sajeni wachikulire. Anafunsa kanthu kwa a Wilisoni, iwo n'kuloza Rabia ndi mlomo.

"Mayi, amuna anu ali kuti?"

"Anzanu apita kale kukawatenga, bwana. Ndawauza zonse, sindinabise kanthu."

"Anzathu ati?"

"A malaya oyera aja. Anyamuka pa boti, alipo atatu."

Sajeniyo anatembenukira kunyanja. Boti lija linali litazimiririka kalekale kuseri kwa mabango.

"Kuno sitinatumeko munthu, mayi," anatero motsitsa mawu. "Che Issa ndi amene anatiululira za chamba chodutsa panyanja pano. Mwini katunduyo anatipulumuka, ndiye tabwera kudzawatenga amuna anu tikawabise, iye asanawapeze."