Kaseti ya ku Joni

Mayi wina anali atatembenuza kale timawailesi tonse titatu pa benchi la Boniface mumsika wa Nsaru, koma ndalama osatulutsa. Tinali tija tam'thumba toyimba makaseti, tomvera m'makutu, tomwe achinyamata ankati wokimani. Chiyambire mwezi Boniface anali asanagulitseko n'kamodzi komwe, ndipo kasitomala ameneyu sanafune kuti amupulumuke.

"Kotsika mtengo ndi kati, achimwene?" anafunsa mayiyo.

Boniface analoza kofiira. Ankakadziwa bwino khalidwe lake. Kanali kosusuka, kankatafuna matepi. Anthu awiri anali atakabweza kale, winayo mpaka anafuna kumugwira pakhosi. Koma kodi munthu angadye chilungamo?

"Sikawononga kaseti?"

"Aka? Mayi, aka ndi kaulemu kuposa ine ndemwe."

Mayiyo anamasula mfundo ya chitenje natulutsa kaseti yokulungidwa m'kapulasitiki. Pamwamba panalembedwa ndi bolopeni: Kwa Benedeta, kuchokera kwa mwamuna wako Davide, ku Joni. Boniface anamwetulira. Makaseti otere ankawadziwa. Amuna ogwira ntchito ku Joni, amene cholembera chinkawalemera, ankangokhuthula zakukhosi m'kaseti n'kupatsira aliyense wopita kumudzi. Ndipo mkazi amene wasowa mwamuna wake sachedwa n'kunenerera mtengo.

"Ndi yokhayi, ndilibe ina," anatero Benedeta. "Sindinaimverepo. Wailesi ilipo kwa alamu anga, koma sindifuna kumvera pagulu."

"Eya, zachikondi sizifuna mboni," anaseka Boniface. "Bambowo ali ndi mwayi, eti?"

Benedeta sanaseke. Maso ake anali ofiira, koma m'mwezi wa Ogasiti fumbi la pa Nsaru limafiiritsa maso a aliyense. Mtima wa Boniface unamunong'oneza kuti ayesere kaye kaseti yake ya nyimbo za kwaya, kapena angotsitsa mtengo wa kena kakuda, komwe kanali kabwino. Iye anaukhazika chete mtimawo. Anaika mabatire, nalowetsa kaseti ya mayiyo. Kachingwe kamodzi anapatsa Benedeta, kena anakaika kukhutu kwake, ati kuti amve ngati mawu akutuluka bwino.

Poyamba kunamveka mphepo yokha. Kenako munthu anatsokomola nthawi yaitali.

"Amake Lidiya, ndine," anatero mawu a mwamuna, otopa. "Khalani pansi mumve bwino. Pali mawu amene ndakhala ndikulephera kukuuzani zaka zonsezi. Mawuwo ndi akuti..."

Liwu lija linayamba kukoka, kunenepa, kutsika, ngati munthu akulankhula ali pansi pa chitsime. Linabuula kamodzi, lalitali, mpaka Boniface anachita tsemwe thupi lonse dzuwa likuswa mtengo. Kenako zii.

Anatsegula msangamsanga. Tepi inali itatuluka ngati matumbo a nkhuku, itakolana m'timano ta kawailesiko. Atakoka inanyololoka n'kusanduka ulusi. Atakokanso inaduka patatu. Manyazi anamugwira, koma pakamwa pa wamalonda sipasowa chonena.

"Pepani mayi, zimachitika izi. Mungowatumizira uthenga bambowo, akujambulireni ina."

Benedeta sanachotse kachingwe kukhutu. Anali chimvetserere, ngati mawu aja abweranso.

"Tinawaika m'manda mwezi watha," anatero motsitsa. "Kasetiyi tinaipeza m'thumba la jekete lomwe linabwera pamwamba pa bokosi lawo."