Nambala Seveni Yayankha

"Makina onse oziziritsa nsomba padoko la Tema amamvera ine," anatero Ankrah akugula kenke, nsima ya ku Ghana yokulunga m'makoko a chimanga.

"Kupatula akazi anu anachoka aja eti, bwana injiniya?" anayankha Anti Dedei, wogulitsayo, uku akukulunga kenkeyo.

Usiku umenewo Ankrah anali yekha mosungira nsomba. Zipinda zonse sikisi zinali kufunda, ndipo nsomba zikanawola kusanache. Analumikiza kompyuta ku waya wa makinawo. Mwambo wake ngwakuti umaitana makina aliwonse ndi nambala yake, iwo n'kukuuza kutentha kwa chipinda chawo; osaitanidwa salankhula. Koma katswiriyu analibe nthawi yoitana amodziamodzi. Anatumiza lamulo limodzi kwa onse a pawayapo: zizirani mpaka kuuma gwa.

Wani mpaka sikisi anamvera mwakachetechete. Kenako pakompyutapo panatuluka mzere wosaitanidwa: nambala seveni, madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu.

Chipinda cha seveni kunalibe. Anacheuka, n'kungoona makatoni okhaokha.

Mzere wina unati 36.

Anayesa kulemba lamulo loletsa, koma zala zake zinali zitachita dzanzi ndi kuzizira, zikuphonya zilembo. Anazula waya n'kuponya pansi.

Kompyuta inalembabe: 35.