Ana a Chiphaliwali

Ng'ombe inaswa dzuwa lili paliwombo. Mwini famu, amene antchito ankamutchulabe Bwana Wamng'ono ngakhale imvi zinali zitayamba, anagwada n'kuyamba kupukuta kamwanako ndi udzu. Atafika pamphumi, dzanja lake linauma. Panali mzere woyera wokhotakhota, kuchokera pakati pa makutu mpaka pamphuno. Ana onse obadwa sabata imeneyo anali otero: akuda bii, mzere womwewo.

Mzerewo ankaudziwa. Unali wa Chiphaliwali, nkhunzi imene inapha bambo ake.

Panali patapita zaka zitatu. Nyengo yokweretsa itatha, bambowo analowa m'khola kukapatula nkhunziyo kwa zazikazi, ndipo inawapanikiza pa nsanamira ya pachipata mpaka nthiti zinaphwanyika. Bwana Wamng'ono ndiye anaiwombera, maliro asanaikidwe n'komwe. Ana onse a nkhunziyo anawagulitsa kubutchala. Kuchokera pamenepo nkhunzi sinapondenso pafamupo. Dokotala wa ziweto ndiye ankabwera ndi chigubu chake chozizira n'kuika umuna wogula mu ng'ombe zazikazi, atawerengera bwino kuti zidzaswe mvula ikamayamba, msipu uli wanthete. Chaka chimenecho Bwana Wamng'ono anaitanitsa mbewu ya nkhunzi yofiira, yopanda nyanga, yofatsa ngati nkhosa.

Nanga mizere yoyerayi inachokera kuti?

Anazungulira mpanda wonse kufunafuna pamene nkhunzi yachilendo ikanalowera. Waya anali wathunthu. Nkhunzi za m'mafamu oyandikana nazonso zinalibe mzere wotere. Abusa anasiya kuimba mluzu. Podutsa pa nsanamira ija ankalambalala, ndipo wamkulu wawo ananena maso ali pansi kuti: "Bwana, mfuti imapha nyama, koma zina sizimva chipolopolo." Iye anamukalipira, koma mumtima anali atavomereza kale. Tiana timeneti tikamuyang'ana, ankamva fungo la tsiku lija: ndowe, fumbi ndi magazi.

Chimene chinkamudya kwambiri chinali mayi ake. Chichitikireni maliro sanapondeko kukhola. Ankakhala pakhonde osayankhula zambiri, akusisita dzanja lawo lamanzere limene linapola mokhota atagwa m'bafa kalekale, monga ankafotokozera malemu. Mayi wosweka mtima chotere aone nkhope ya chilombo chimene chinawasandutsa wamasiye, itabwerezedwa pa kamwana kalikonse? Analamula kuti ana onse amizere atsekeredwe kuseri kwa shedi ya udzu, ndipo aliyense wotsegula pakamwa aone msana wa njira.

Kenaka anaitanitsa dokotala uja. Anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito pafamupo kuyambira nthawi ya malemu. Atafika kuseri kwa shedi n'kuona tianato, anavula chipewa n'kumachipotokola.

"Adokotala, ndinakuuzani zofiira. Izi n'zofiira?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye mundiuze. Nkhunzi yakufa imabereka?"

Dokotalayo anayang'ana kuchipata. Maso ake anali kumbuyo kwa Bwana Wamng'ono. Mwini famuyo anatembenuka. Mayi ake anali ataima pachipata, atavala nsapato za jombo za antchito, zazikulu kuposa mapazi awo.

Anathamanga n'kuima patsogolo pawo, manja atatambasula ngati wotchinga moto.

"Amayi, bwererani. Chonde musaone zimenezi."

"Tandipatuka, iwe."

Anamudutsa mosapupuluma. Anagwada paudzu pafupi ndi kamwana kobadwa tsiku lomwelo, kamene miyendo yake inali ikunjenjemerabe. Anatsata mzere woyerawo ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kamwanako kanagwira chalacho n'kuyamba kuyamwa. Mayiwo anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera pansi pa mimba, ndipo mwana wawo anazindikira kuti sanawamvepo akuseka choncho chibadwire.

"Usawavute adokotala," anatero osatembenuka. "Bambo ako anasungitsa umuna wa nkhunzi ija m'chigubu cha adokotalawa, ikadali moyo. Ndine ndinawapempha kuti autulutse."

"Inu, amayi? Chinyama chimene chinapha amuna anu?"

Mayiwo anakweza dzanja lokhota lija n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"M'bafa sindinagwemo ine, mwanawe; dzanjali anathyola ndi bambo ako. Zaka zonse zija famu yonse inkandimva ndikulira, aliyense n'kumatseka zenera lake. Amene anachitapo kanthu ndi Chiphaliwali yekha. Mbewu yake isathe pano."