Dzanja la Callista Lasiya Kunjenjemera

Chipolopolo chachitatu chinalasanso m'munsi, chakumanzere kwa chandamale. Callista anatsitsa pisitolo n'kupukuta thukuta ndi phewa.

"Mukuopa kulira kwa mfuti, mayi," anatero a Overstone, bambo wachikulire amene ankaphunzitsa ongoyamba kumene pakalabu yowombera mfuti kuseri kwa Armadale, kufupi ndi mzinda wa Perth. "Mukumagwetsa dzanja isanalire n'komwe. Tiriga, kachitsulo kowombera aka, sitikoka ngati tikuzula chinangwa. Finyani pang'onopang'ono, mfuti ikudzidzimutseni yokha."

Linali Loweruka lake lachisanu ndi chimodzi pamalopo. Anamwino anzake kuchipatala ankaganiza kuti amapita kukwaya.

Mwamuna wake, Dunstan, anabwera ku Perth pa viza ya Callista. Mkazi ankagwira mashifiti awiriawiri, mwamuna akuphunzira zaulonda. Mapepala okhalira m'dziko atangotuluka, Dunstan anasamukira ku Ellenbrook, dera lina la mumzindawo, ndi Tasha, mtsikana wa kutchalitchi kwawo komwe. Tsiku limene Callista anamulondola kuti akambirane, Dunstan sanatsike m'galimoto. Anangotsitsa galasi. Pamiyendo pake panali pisitolo.

"Nena msanga iwe, ndili ndi ulendo," anatero, akuisisita ngati mphaka.

Ankhoswe anaimba foni ali ku Lilongwe, nati banja ndi kupirira. Akulu ampingo anabwera, anapemphera, anamwa tiyi. Za mfutiyo palibe anafunsa.

Dunstan anali membala wa kalabu yomweyi, ndipo ankafika teni koloko Loweruka lililonse. Masabata onsewa Callista ankabwera m'mamawa n'kuchoka iye asanafike. Lero Callista anachedwa dala kuchoka.

"Maso pa kansonga ka kumapeto kwa mfuti, osati papepala la chandamale," anatero a Overstone pomupatsa magazini ina, kachitsulo kosungiramo zipolopolo. "Tulutsani mpweya theka, muime pomwepo."

Callista anafinya. Phaa! Anafinyanso, koma panangomveka kuti khe. A Overstone anali atabisamo chipolopolo chabodza kuti aone ngati dzanja ligwe. Mfuti sinasunthe ngakhale pang'ono.

"Ehee! Tsopano mwafika. Mutati mubaye jakisoni ndi dzanja limeneli, wodwala sangamve n'komwe."

Zipolopolo zisanu zotsatira zinalowa pakuda penipeni, moyandikana moti chikhatho chimodzi chikanaziphimba zonse. A Overstone anagwedeza mutu, napita kukatenga pepala latsopano m'kashedi.

Ndi pamene galimoto inalowa pachipata, ikutukula fumbi lofiira. Callista sanafunike kucheuka. Kulira kwa injiniyo ankakudziwa ngakhale makutu ali otseka; zaka zitatu anakhala akukudikirira pawindo. Galimotoyo inaima pansi pa bulugamu, kumbuyo kwa Callista. Kuchoka pomwe iye anaima kukafika pamtengowo unali mtunda womwewo wa kuchandamale, mamita makumi awiri ndi asanu. Anali atauyeza ndi mapazi sabata yatha.

Analowetsa magazini yodzaza. Ntchentche inatera pamlomo pake, sanaiingitse. Mtima unkagunda mwabata ngati mmene umachitira akamafufuza mtsempha pamkono wa khanda.

Chitseko chinatseguka. Anamva kuseka kwa Tasha, kenako mawu a Dunstan akuti, "Dikira nditenge kanthu kanga."

Callista anatulutsa mpweya theka. Kenako anachotsa magazini, anagoneka pisitolo patebulo italoza kutsogolo monga mwa lamulo, n'kutembenuka manja ali m'thumba.

Dunstan anali atawerama, mkono uli pansi pampando. Iye atangodzuka ndi pisitolo yake, amuna awiri amene anakhala pabenchi chifikire m'mawa anaimirira n'kuonetsa ziphaso zaupolisi.

Callista anali atamva pa phunziro loyamba lenileni kuti mfuti imagona m'sefa yachitsulo yokhoma, yopanda chipolopolo, ndipo wopezeka nayo yodzaza pansi pampando amataya laisensi, ntchito yaulonda n'kupitira limodzi. Ndi iyeyo amene anaimbira apolisi Lachinayi. Masabata enawo ankangofuna kuti tsikuli likadzafika, Dunstan adzamuone ataima osanjenjemera.